Kusankha Njira Yosungira Zinthu m'Pulogalamu: Hash Table Kapena Njira Zina?

MAU OYAMBA

Mphunzitsi aliyense ndi msungi wa zolembedwa. Ali ndi kaundula wa maina a ana, buku la malikisi, ndandanda ya amene adabwereka mabuku, ndiponso makalata ochokera kwa makolo. Akafuna kudziŵa ngati mwana wakutiwakuti adabwera kusukulu Lachiŵiri, amatsekula kaundula. Akafuna kudziŵa amene adaposa anzake pa masamu, amatsekula buku la malikisi. Zonsezi saziika m'buku limodzi, chifukwa funso lililonse lili ndi kasungidwe kake kamene kamathandiza kuliyankha msanga.

Pulogalamu ya kompyuta nayonso imasunga zinthu, ndipo woilemba ayenera kusankha m'mene zinthuzo zidzakhalire m'kati mwa makinawo. Mwa njira zonse zosungira, imene yatchuka kwambiri ndi hash table. Wophunzira akangomva kuti njirayi ndi yachangu, amafuna kuigwiritsa ntchito paliponse. Pulogalamu yake imayenda bwino zinthu zikadali zochepa, koma zikachuluka imayamba kuchedwa pa mafunso ena, ndipo iye sadziŵa chifukwa chake.

Nkhani ino yalembedwera inu amene mukukonzekera ntchito ya uphunzitsi, makamaka amene mudzaphunzitsa ana a sekondale oti ayamba kale kulemba mapulogalamu. Mfundo yake ndi imodzi: palibe njira yosungira imene imaposa zinzake pa zonse. Chimene chimasankha njira ndi funso limene pulogalamuyo idzafunsidwa kaŵirikaŵiri. Ana akazoloŵera kuyamba ndi funsolo, adzatha kusankha okha ngakhale atakumana ndi ntchito imene simudaŵaphunzitse.

Pali liu limodzi limene tidzalitchula nthaŵi zambiri, ndilo kiyi. Kiyi ndi chinthu chimene timafufuzira nacho zinthu zina. Tikamafuna malikisi a mwana pogwiritsa ntchito nambala yake ya mayeso, nambalayo ndiye kiyi. Tikamafuna tanthauzo la liu m'dikishonale, liulo ndiye kiyi.

NJIRA ZINAYI ZOYEREKEZA NAZO

Tisanafike pa hash table, tiyeni tikumbutsane njira zinayi zimene wolemba pulogalamu angasankhe m'malo mwake.

1. Array yosasanja. Array ndi malo ondondozana m'memory ya kompyuta, ndipo malo aliwonse ali ndi nambala yake, monga mizere ya m'kaundula. Ngati zinthu timangoziika m'mene zabwerera, kuwonjezera chatsopano n'kosavuta, pakuti timangochilemba pa mzere wotsatira. Vuto lili pofufuza. Tiyenera kuyamba pamwamba n'kumatsika mzere umodziumodzi. Pa maina 60 tidzayang'ana pafupifupi 30 tisanapeze limene tikufuna, ndipo ngati dzinalo mulibe tidzayang'ana onse 60. Maina akachuluka kakhumi, ntchitonso imakula kakhumi.

2. Array yosanja. Zinthu zikasanjidwa kuyambira chaching'ono kufikira chachikulu, kapena motsata alifabeti, timafufuza monga timachitira ndi dikishonale. Timatsekula pakati; ngati liu limene tikufuna lili kutsogolo, timasiya theka lonse lakumbuyo, n'kutsekulanso pakati pa theka lotsalalo. Njirayi imatchedwa binary search, ndipo John Mauchly adaifotokoza mu 1946. Mphamvu yake imaoneka pa ziŵerengero. Pa zinthu 1,000 sitiyang'ana kopitirira ka 10. Pa zinthu 1,000,000 sitiyang'ana kopitirira ka 20. Ngakhale titasanja ndandanda ya anthu onse 17,563,749 amene adaŵerengedwa m'Malaŵi pa kalembera wa 2018, tingapeze aliyense titayang'ana kosapitirira ka 25. Kuipa kwa njirayi kuli poika chatsopano. Dzina loyamba ndi A likabwera mochedwa, maina onse otsatira ayenera kusunthidwa kuti ilo lipeze malo.

3. Linked list. Pano zinthu sizikhala moyandikana, koma chilichonse chimasunga keyala ya chinzake chotsatira, monga ana ogwirana manja pa maseŵera. Kuloŵetsa mwana pakati n'kosavuta: aŵiri amalekana manja, watsopano n'kuloŵa, ena onse osasuntha. Koma sitingadumphire pakati pa mzere. Pofuna mwana wa 40 tiyenera kutsata manja kuyambira kwa woyamba. Allen Newell, Cliff Shaw ndi Herbert Simon ndiwo adayamba kugwiritsa ntchito njirayi m'zaka za 1955 ndi 1956.

4. Mtengo. Chinthu chilichonse chimakhala ndi nthambi ziŵiri: zochepa kuposa icho zimapita kumanzere, zazikulu kumanja. Kufufuza kumafanana ndi binary search, koma poika chatsopano sitisuntha mzere wonse. Mtengo wamba uli ndi vuto limodzi. Zinthu zikabwera zosanjidwa kale, nthambi zonse zimamera mbali imodzi, mtengowo n'kusanduka chingwe chachitali. Mu 1962 Georgy Adelson-Velsky ndi Evgenii Landis a ku Soviet Union adapeza njira yoti mtengo uzidziwongola wokha, ndipo mtengo wotere umatchedwa AVL potsata maina awo. Mu 1970 Rudolf Bayer ndi Edward McCreight, pamene ankagwira ntchito ku Boeing, adakonza B-tree, mtengo wa nthambi zambiri woyenera zinthu zosungidwa pa disk. Ma database monga PostgreSQL ndi SQLite amaugwiritsabe ntchito mpaka lero.

M'MENE HASH TABLE IMAGWIRIRA NTCHITO

Njira zinayi zimene taonazi zimapeza chinthu poyerekeza kiyi ndi makiyi ena, mmodzi pambuyo pa mnzake. Hash table imachita zosiyana. Imachita masamu pa kiyi mwiniwakeyo, ndipo yankho la masamuwo ndilo limanena pamene chinthucho chili. Hans Peter Luhn wa ku IBM adalemba ganizo limeneli mu Januwale 1953.

Tiyerekeze kuti tili ndi mabokosi 11, olembedwa manambala kuyambira 0 kufikira 10. Tikhazikitse lamulo ili: gaŵa nambala ya mwana ndi 11, ndipo chotsala ndicho nambala ya bokosi lake. Lamulo lotere limatchedwa hash function.

23 ÷ 11 = 2, kutsala 1. Khadi lipite m'bokosi 1.
47 ÷ 11 = 4, kutsala 3. Khadi lipite m'bokosi 3.
60 ÷ 11 = 5, kutsala 5. Khadi lipite m'bokosi 5.
85 ÷ 11 = 7, kutsala 8. Khadi lipite m'bokosi 8.

Tsiku lina tikadzafuna khadi la mwana wa nambala 85, sitidzatsekula mabokosi onse. Tidzagaŵanso 85 ndi 11, n'kupita molunjika ku bokosi 8. Kaya makadi ndi 10 kaya ndi 10,000,000, ntchito yake ndi yomweyo, malinga mabokosi akhale okwanira. Apa ndi pamene pagona changu cha hash table.

Kiyi akakhala dzina, timayamba talisandutsa nambala. Njira yosavuta yoonetsera ana ndi kupatsa chilembo chilichonse nambala, A akhale 1, B akhale 2, mpaka Z akhale 26, kenaka n'kuwonkhetsa. Dzina la Banda limapereka 2 + 1 + 14 + 4 + 1 = 22, ndipo 22 akagaŵidwa ndi 11 satsala kanthu; choncho lipita m'bokosi 0. Dzina la Phiri limapereka 60, ndipo lipita m'bokosi 5. Pamenepa ana adzaona okha vuto lina: m'kalasi imodzi mumatha kukhala a Banda atatu kapena anayi. Kiyi wabwino ayenera kuloza munthu mmodzi yekha. N'chifukwa chake sukulu, chipatala ndi banki zimapatsa munthu nambala, osadalira dzina lokha.

KUGUNDANA

Tiyeni tiwonjezere khadi la nambala 14. Tikagaŵa 14 ndi 11, chotsala ndi 3, koma m'bokosi 3 muli kale khadi la 47. Makiyi aŵiri osiyana akalozedwa ku bokosi limodzi timati agundana.

Ana ambiri amaganiza kuti kugundana kumachitika mwa apo ndi apo. Pofuna kuŵaonetsa kuti si choncho, afunseni masiku awo obadwa. Chaka chili ndi masiku 365, amene tingaŵayerekeze ndi mabokosi 365. Masamu amaonetsa kuti pa anthu 23 okha, mwai woti aŵiri ali ndi tsiku lobadwa limodzi umapitirira theka. Pa anthu 60 umapitirira 99 pa 100. Kugundana kumayamba mabokosi akadali opanda kanthu ambiri. Motero hash table iliyonse iyenera kukhala ndi njira yothetsera vutoli, ndipo njira zazikulu ndi ziŵiri. Yoyamba ndi kulola kuti makadi ogundana akhale m'bokosi limodzi, ondondozana ngati linked list yaifupi. HashMap ya chinenero cha Java imatero. Yachiŵiri ndi kufunafuna bokosi lina lopanda kanthu motsata lamulo lodziŵika. Dict ya chinenero cha Python imatero.

Zinthu ziŵiri zimachulukitsa kugundana. Choyamba ndi lamulo loipa. Taonani manambala aŵa: 10, 20, 35, 40, 55, 70. Tikaŵagaŵa ndi 10, onse amathera m'mabokosi aŵiri okha, 0 ndi 5. Tikaŵagaŵa ndi 11, amapita m'mabokosi 10, 9, 2, 7, 0 ndi 4, aliyense m'lakelake. N'chifukwa chake pa lamulo la kugaŵa anthu amakonda nambala yonga 11, 13 kapena 97, imene singagaŵike ndi nambala ina koma 1 ndi iyo yokha. Chimodzimodzinso, tikati bokosi lizisankhidwa ndi chilembo choyamba cha dzina, m'makalasi athu mabokosi a C, K ndi M adzasefukira pamene a Q ndi X ali gwaa. Ngakhale lamulo lathu lowonkhetsa zilembo lija lili ndi chilema, pakuti Mada ndi Adam onse amapereka 19.

Chachiŵiri ndi kudzaza kwa mabokosi. Mabokosi akayamba kudzaza, mizere imatalika ndipo changu chimatha. HashMap ya Java imayamba ndi mabokosi 16, ndipo zinthu zikapitirira 12, ndiye kuti magawo atatu mwa anayi, imakonza mabokosi 32 n'kusamutsira zonse m'menemo. Kusamukako kumadya nthaŵi, ngakhale kuti sikuchitika kaŵirikaŵiri. Tionenso kuti hash table yabwino nthaŵi zonse imakhala ndi mabokosi opanda kanthu. Changu chake timachigula ndi memory.

Kugundana si nkhani ya masamu yokha. Mu Disembala 2011, pa msonkhano wina ku Berlin, Alexander Klink ndi Julian Wälde adaonetsa kuti munthu wa zolinga zoipa angathe kutumiza dala makiyi ambirimbiri ogundana ku kompyuta yotumikira anthu pa intaneti, mpaka kompyutayo kulephera kutumikira ena. Pofuna kutseka mpata umenewu, kuyambira Python 3.3 ya mu 2012, masamu osandutsa mau kukhala nambala amasintha nthaŵi iliyonse pulogalamu ikayamba. Nayonso Java 8 ya mu 2014 idakonzedwa kuti mzere wa m'bokosi ukatalika kupitirira zinthu 8, pamene mabokosi ali 64 kapena kuposa, mzerewo usanduke mtengo wodziwongola.

ZIMENE HASH TABLE SIITHA

Akulu adati kuthamanga sikufika. Hash table imathamanga pa funso la mtundu umodzi wokha: "Kiyi uyu alipo kodi, ndipo ali ndi chiyani?" Kuti ithe kutero imamwaza zinthu dala. Manambala 47 ndi 48 ndi oyandikana, koma 47 ndi 58 ndiwo amagona m'bokosi limodzi. Ndipo m'mapulogalamu enieni, makamaka pa maina, makiyi ofanana pang'ono amatha kuthera m'mabokosi otalikirana kwambiri. Ndondomeko ya chachikulu ndi chaching'ono imatayika. Motero mafunso aŵa amaivuta:

(a) Ndani adapeza malikisi ambiri kuposa onse?
(b) Ndi ana ati amene adapeza pakati pa 40 ndi 49?
(c) Ndi maina ati amene amayamba ndi Chi?
(d) Ndani akutsatana ndi uyu pa ndandanda?

Pa funso lililonse mwa ameneŵa, hash table iyenera kutsekula mabokosi onse, ndipo pamenepo siiposa array yosasanja. Array yosanja ndi mtengo zimayankha mafunsoŵa msanga, chifukwa zikapeza poyambira, zotsatira zake zili pomwepo. N'chifukwa chake zinenero zikuluzikulu zimapereka njira zonse ziŵiri. Java ili ndi HashMap ndi TreeMap. C++ ili ndi map, imene imasunga makiyi osanjidwa, ndiponso unordered_map, imene idaloŵa m'malamulo a chinenerocho mu 2011. PostgreSQL nayo imalola index ya hash, koma index yoteroyo imangothandiza pofufuza kiyi wofanana ndendende ndi amene wafunsidwa.

MAFUNSO ASANU OYENERA KUFUNSA POSANKHA

Safunsa adadya phula. Mwana asanalembe mzere ndi umodzi womwe wa pulogalamu, aziyankha mafunso aŵa.

1. Kodi ndidzafufuza kiyi mmodzi wodziŵika, kapena zinthu za pakati pa apa ndi apo? Ngati ndi kiyi mmodzi, hash table ndi yoyenera. Ngati ndi za pakati, pafunika array yosanja kapena mtengo.

2. Kodi zinthuzo zidzafunika mwandondomeko? Ngati ndandanda yosanja idzafunika kamodzi pa chaka, tingasunge m'hash table n'kusanja pa tsikulo. Ngati idzafunika ola lililonse, tisunge zosanja kale.

3. Kodi zinthuzo zidzasintha kangati? Zosasintha kaŵirikaŵiri zimakhala bwino m'array yosanja. Zimene zimaloŵa ndi kutuluka tsiku lonse, koma zikufunikabe mwandondomeko, zimafuna mtengo wodziwongola.

4. Kodi zinthuzo ndi zingati? Pa zinthu 10 kapena 20, array wamba ndi yokwanira. Kompyuta imaŵerenga malo oyandikana mofulumira kwambiri, ndipo pulogalamu yosavuta siichedwa kukonza ikalakwika.

5. Kodi makiyi ndi otani? Ngati ndi manambala ondondozana, monga 1 kufikira 60 a m'kaundula, hash function siifunika konse. Mwana wa nambala 37 akhale pa malo 37 a array, basi.

Tiyese mafunsoŵa pa ntchito zitatu. Woyang'anira laibulale ya sukulu ali ndi mabuku 5,000, lililonse ndi nambala yake, ndipo mwana akabweza buku amafuna kudziŵa amene adalibwereka. Funso lake ndi la kiyi mmodzi, choncho hash table ndi yoyenera. Mphunzitsi wamkulu amalandira malikisi kamodzi pa teremu, kenaka amafuna ana 10 oyambirira ndiponso amene alephera pang'ono. Zinthuzo sizisintha ndipo mafunso ake ndi a ndondomeko, choncho array yosanja motsata malikisi ndiyo yoyenera. Foni ya m'manja imasunga maina amene amawonjezeka nthaŵi ndi nthaŵi, ndipo mwini wake akalemba Ma amayembekeza kuona maina onse oyamba motero. Apa pakufunika kasungidwe kosunga ndondomeko, monga mtengo.

Nthaŵi zina mafunso a mitundu yonse iŵiri amabwera pamodzi. Pamenepo n'kololeka kusunga zinthu zomwezo m'njira ziŵiri, monga malaibulale akale ankasungira makadi m'makabati aŵiri, ina yotsata maina a olemba, ina yotsata mitu ya mabuku. Koma ana adziŵe kuti njira imeneyi imadya memory yambiri, ndipo chinthu chikachotsedwa kumodzi chiyenera kuchotsedwanso kwinako.

KAPHUNZITSIDWE KAKE M'KALASI

Phunziroli silifuna kompyuta kapena magetsi. Lingachitike m'kalasi ngakhale pansi pa mtengo, m'mphindi 40.

Cholinga. Pomaliza phunziroli ana athe kuika makadi m'mabokosi potsata hash function, kufotokoza kugundana, ndi kusankha njira yosungira yoyenera funso limene apatsidwa.

Zipangizo. Zitini kapena makatoni 11 olembedwa 0 kufikira 10. Ngati palibe, jambulani mabwalo 11 pansi. Miyulu itatu ya makadi, mulu uliwonse wa makadi 12 a manambala aŵa: 14, 23, 32, 39, 47, 51, 60, 68, 75, 85, 90, 99. Makadi atatu apadera a nambala 5. Choko ndi bolodi.

Chiyambi, mphindi 5. Funsani ana m'mene amapezera liu m'dikishonale, ndi m'mene amapezera kope lawo pa mulu wa makope amene mphunzitsi wachonga. Asiyanitse njira ziŵirizi ndi mau awoawo.

Gawo loyamba, mphindi 10. Gaŵani ana m'magulu atatu. Gulu loyamba liyale makadi ake pa mzere osasanja. Gulu lachiŵiri liŵasanje kuyambira wamng'ono. Gulu lachitatu liŵaike m'zitini potsata lamulo la kugaŵa ndi 11. Makadi onse akhale ovundikira. Inu mudziŵiretu mayankho: 68 ndi 90 adzagundana m'chitini 2, 14 ndi 47 adzagundana m'chitini 3, ndipo chitini 4 chidzatsala chopanda kanthu. Kugundanako kukachitika musafulumire kupereka yankho. Anawo anene chimene angachite.

Gawo lachiŵiri, mphindi 15. Perekani ntchito zitatu kwa magulu onse. Mwana mmodzi pa gulu aziŵerenga makadi amene avundukulidwa kapena kusunthidwa, n'kulemba chiŵerengerocho pa bolodi.

Ntchito yoyamba: "Pezani khadi la 85." Gulu la zitini lidzavundukula khadi limodzi lokha. Gulu losanja silidzapitirira makadi 4. Gulu losasanja lidzadalira mwai.

Ntchito yachiŵiri: "Bweretsani makadi onse a pakati pa 40 ndi 70, mwandondomeko." Gulu losanja likapeza 47 lidzangotola 51, 60 ndi 68 motsatana. Gulu la zitini lidzapeza kuti makadi omwewo ali m'zitini 3, 7, 5 ndi 2, ndipo kuti liŵapeze liyenera kukhuthula zitini zonse.

Ntchito yachitatu: "Loŵetsani khadi la 5." Gulu losanja liuzidwe kuti kumanzere kuli khoma, choncho lidzasuntha makadi onse 12. Gulu losasanja lidzangoika kumapeto. Gulu la zitini lidzaponya m'chitini 5, m'mene muli kale 60.

Mathero, mphindi 10. Onse ayang'ane pa bolodi, ndipo funsani kuti, "Gulu lopambana ndi liti?" Ana adzatsutsana, chifukwa gulu limene lidatsogola pa ntchito yoyamba lidatsalira pa yachiŵiri. Lolani mkanganowo upitirire pang'ono mpaka wina anene kuti zikutengera ntchito imene yaperekedwa. Mau amenewo achokere m'kamwa mwa mwana, inu mungoŵalemba pa bolodi.

ZOLAKWA ZIMENE MUDZAKUMANA NAZO

Choyamba, ana ena adzalemba kuti hash table imapeza chinthu poyang'ana kamodzi nthaŵi zonse. Akumbutseni za chitini 3. Zoona zake n'zakuti imayang'ana kochepa nthaŵi zambiri, ngati lamulo ndi labwino ndipo mabokosi ndi okwanira. Koma zinthu zikaipiratu, makadi onse angathere m'bokosi limodzi.

Chachiŵiri, ogwiritsa ntchito Python adzati dict imasunga ndondomeko. Kuyambira Python 3.7 ya mu 2018, dict imakumbukiradi m'mene zinthu zidaloŵera, choyamba kuloŵa n'kukhala choyamba kutuluka poziŵerenga. Koma kumeneko si kusanja. Mukaloŵetsa 90, 14 ndi 60, mudzazilandira 90, 14, 60, osati 14, 60, 90.

Chachitatu, ena adzasintha kiyi chinthu chili kale m'bokosi. Onetsani ndi makadi: fufutani 85 n'kulemba 86, khadilo likadali m'chitini 8. Wofufuza 86 adzapita ku chitini 9 ndipo sadzalipeza. N'chifukwa chake Python siilola kuti list, imene imatha kusintha, ikhale kiyi wa dict.

Chachinayi, ana anzeru adzafuna kugwiritsa ntchito mtengo kapena hash table pa zinthu zisanu zokha, pofuna kuonetsa zimene akudziŵa. Ayamikireni khama lawo, koma aŵerenge nanu makadi amene apulumutsa. Akaona kuti ndi aŵiri kapena atatu, adzamvetsa kuti njira yosavuta nayo ili ndi malo ake.

Pochonga ntchito ya ana, musapereke malikisi pa dzina la njira lokha. Mwana amene wasankha array yosanja n'kupereka chifukwa chomveka wachita bwino kuposa amene walemba hash table popanda chifukwa.

ZOTI MUCHITE

1. Ikani manambala 18, 29, 44, 57, 70 ndi 83 m'mabokosi 13 potsata lamulo la kugaŵa. Mwapeza chiyani? Yesaninso ndi mabokosi 11, ndipo fotokozani kusiyana kwake.

2. Chipatala chimalandira odwala tsiku lonse, ndipo namwino amafuna kupeza mbiri ya wodwala ndi nambala ya khadi lake. Madzulo aliwonse dokotala amafuna ndandanda ya odwala a zaka zosapitirira 5. Mungasunge bwanji zinthuzi? Yankhani potsata mafunso asanu aja.

3. Fotokozani ndi chithunzi chimene chimachitikira mtengo wamba pamene manambala 1, 2, 3, 4, 5 ndi 6 aloŵa motsatana.

4. Konzani phunziro lomweli kuti liyenere kalasi ya ana 90, m'mene mwana aliyense adzakhale ndi chochita. Liyeseni pa nthaŵi ya maphunziro oyeserera, ndipo mudzakambirane ndi anzanu ziŵerengero zimene zidatuluka pa bolodi.